Chiwongolero Chomata, Chitengwa Chili Loweruka

LOLEMBA

M'mawa. Chitungu! Mvula yagwa mpaka mbandakucha, dzuwa latuluka lokwiya, nthaka ikufuka nthunzi. Malaya amata kale kumsana ndisanamange n'komwe tayi.

Ndalowa m'galimoto, ndagwira chiwongolero, nachonso chandigwira. Pochotsa dzanja pamveka kuti nyaa! Zikhatho bii, ngati ndagona ndikuthandiza othira phula pamsewu wa ku Mchinji.

Pa masabata onse a chaka, chasankha ino.

Ndilembe bwinobwino, kuti ndikadzapenga madokotala adzadziwe pamene zinayambira. Loweruka likudzali ndikupempha chitengwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pachikamwini kuno kwa Kabudula, kwawo kwa mkazi wanga Nambewe. Ana awiri tabereka. Nkhokwe ziwiri ndaluka. Chimbudzi cha apongozi ndakumba kawiri (choyambacho chinagwa, koma dothi la kuno sindinalenge ndine). Kwathu ku Msundwe nyumba ndamanga, ya malata, ya mawindo a magalasi, ndipo mukugona abuluzi. Chatsala n'chimodzi basi: atsibweni ake a Nambewe, alongo awo a apongozi, eni mbumba yonse ino, atsegule pakamwa anene kuti "mutengeni."

Atsibweniwo amakhala pa Nsaru. Ayendetsa malole moyo wawo wonse, Joni, Beira, Dalesalamu, ndipo munthu samuyang'ana kumaso, amamuyang'ana chomwe wakwera. Mkamwini mnzanga wa nyumba yachitatu anamukaniza chitengwa chifukwa cha tcheni cha njinga. Chinali ndi dzimbiri. Mpaka lero ali pano, akuweta nkhumba za eni ake. Ndipo atsibweni akakwera galimoto ya wina sakhala mpando wa mlendo. Amangotambasula dzanja, iwe n'kuikamo makiyi.

Loweruka m'mawa ndikukawatenga. Manja awo adzagwira chinthu chimenechi.

Dongosolo:
1. Lero, kutsuka chiwongolero.
2. Mawa, mipando.
3. Lachitatu, matayala.
4. Lachinayi, kuyeserera pagalasi nkhope ya munthu wodzichepetsa.
5. Lachisanu, kupuma.

Munthu wa digiri sachita zinthu mwachisawawa.

Masana, kusukulu. Ndabweza mapepala a mayeso a Fomu 3. Pepala lililonse lili ndi chala changa chachikulu pakona, chakuda, mizere yonse ikuoneka. Mtsikana wina wa kumbuyo: "Aphunzitsi, mwadinda ngati agogo anga polandira feteleza!" Kalasi yonse gwaa. Zaka zinayi ku yunivesite kuti ndidzasaine ndi chala.

Madzulo. Sopo, madzi ofunda, chisanza. Ndakwecha mpaka mapewa kuwawa. Zotsatira: chisanza chasiya ulusi wake wonse pachiwongolero. Nambewe wasuzumira pawindo: "Bambo a Tadala, mwachimeretsa ndevu?"

Apongozi adutsa chapatali, kuseri kwa nkhokwe, monga mwa masiku onse. Ine ndi iwo sitinayang'ananepo m'maso, sitinalankhulanepo. Tikakumana panjira iwo amapatukira m'chimanga, ine m'fodya, aliyense n'kudikira mnzake adutse. Tsiku lina tinadikirana mpaka mvula inatipeza. Uthenga wonse umadzera mwa Nambewe. Ndi ulemu umenewo, ndipo ine ndimaukonda. Anzanga a m'tauni amatukwanizana ndi apongozi awo pafoni.

LACHIWIRI

Kutentha konkuja. Mitambo yangolendewera pamutu, siikugwa, siikuchoka, ngati alendo odikira tiyi.

Popita kusukulu ndayendetsa ndi nsonga za zala, ngati munthu wonyamula thewera la mwana wa eni. Pakona ya pachigayo dzanja lakanirira, galimoto yafuna kulowa m'chigayomo. Mbuzi imodzi ili ndi ngongole ya moyo wake kwa mabuleki anga.

Masana. Zodabwitsa! Ndatuluka m'kalasi nditalemba bolodi lonse kawiri, manja mbuu ndi choko, ndakwera osasamba. Chiwongolero sichikumata! Chikutsetsereka m'manja ngati chatsopano. Ndazungulira bwalo la mpira kawiri kungosangalala. Ndikanakhala mzungu bwenzi pano dzina langa lili m'buku la sayansi, ana akuvutika kuliloweza.

Ndathamangira kwa ahedi kukapempha bokosi la choko. Ahedi amasunga choko m'kabati ya loko, kiyi m'sokosi, ndipo amapereka chimodzichimodzi ngati mapiritsi. "Choko n'cha ana a sukulu, achimwene, si cha magalimoto." Andipatsa theka.

Palibe vuto. Tiganize monga anatiphunzitsira:
Choko n'choyera ndipo n'chaufa.
Ufa ndi woyera ndipo ndi ufa.
Choncho ufa ndi choko.

Phunziro la kaganizidwe kolunjika ndinakhoza bwino kwambiri. Satifiketi ili m'sutikesi.

Madzulo. Ndapempha Nambewe kapu imodzi ya ufa. Wandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Mwezi uno? Chimanga chisanamasule n'komwe? Ufa wodyetsa galimoto?" Wandipatsa gaga wa nkhumba, ndipo wayeza ndi chivindikiro cha botolo.

Ndawaza, ndasisita, ndawazanso. Chiwongolero chasanduka chotuwa, chamanyerenyere, ngati chitumbuwa chachikulu chabowo pakati. Ndagwira: sichikumata! Mawindo ndawasiya otsegula kuti chiume bwino ndi kamphepo.

Mipando mawa. Tatsalira m'mbuyo ndi tsiku limodzi lokha. Zazing'ono.

LACHITATU

M'mawa. Kalembera wa okhala m'galimoto yanga:
nyerere, mtundu wonse, ndi mafumu awo;
anankafumbwe, sindikudziwa amva bwanji;
mphemvu ziwiri, zikuoneka kuti ndi banja;
misoti itatu ya apongozi, pampando wakutsogolo;
tambala wa apongozi, pa dashibodi, akuyang'ana msewu ngati ndiye mwini ulendo.

Gaga yense wajomphedwa. Pamodzi ndi gagayo pajomphedwanso mphira ya chiwongolero, mabowo ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba. Pamipando zitosi. Pampando umene adzakhale atsibweni, zitosi za tambala mwiniwake.

Mkamwini sakalipira nkhuku za apongozi. Apongozi akusesa pakhomo pawo, makutu ali kuno. Ndatsegula zitseko zonse zinayi n'kuima pambali, chipewa m'manja. "Pepanitu, tikufuna tinyamuke." Misoti yatsika. Tambala waganiza kaye, walira kamodzi, watsika mwa nthawi yake.

Ndachedwa piriyodi yoyamba. Nyerere zina ndapita nazo kusukulu m'buluku. Ndaphunzitsa ndakatulo ndikuvinavina, ana ayesa ndi mbali ya phunziro.

Masana. A Mwale, mphunzitsi wa sayansi, ayendera wodwala. Agwira ndi kamtengo, anunkhiza. Akuti mphira yakalamba; dzuwa, chinyontho, thukuta la m'manja ndi mafuta odzola zaisungunula pang'onopang'ono. "Thukuta lake si lanu lokha. Muli thukuta la ku Japan umu, la pa doko, la aliyense anaiyendetsapo." Mankhwala ake akuti ndi sipiliti.

Tapita ku labu. Mu labu muli tebulo, chithunzi cha mafupa a munthu ndi mavu. Sipiliti anatha ine ndisanabwere pasukulu pano.

A Mwale atsitsa mawu: "Kachasu wa mutu, woyamba kudontha uja, ndi msuweni wake wa sipiliti. Amasiyana dzina chabe."

Ine sindimwa. Ndine mlembi wa kwaya. Koma sayansi ndi sayansi.

Madzulo. Kudambo, kwa mayi wotcheza kachasu. Ndadzera njira ya kumunda, botolo m'chikwama cha mabuku. Pabwalo pali amuna asanu, atatu ndi makolo a ana anga a sukulu. Onse aimirira. Mmodzi wandipatsa mpando wake n'kugwa.

Ndanena mokweza, kuti onse amve, kuti ndi wa galimoto. Mayi uja akuthira, osandiyang'ana: "Eee, aphunzitsi, musavutike. A Mwale nawonso amati ndi wa ku labu."

Matayala sindinawakhudze.

LACHINAYI

M'mawa kwambiri, nkhuku zisanatsike. Kachasu pachisanza, chisanza pachiwongolero.

Zikutheka! Chakuda chikuchoka! Chisanza choyamba bii. Chachiwiri bii. Chachitatu bii. Malaya akale, bii. Chakuda chikuchokabe. Ndayamba kuzindikira kuti pansi pa chakudacho pali chakuda china, ndipo pansi pakenso china. Chiwongolerochi n'chakuda mpaka mumtima. Mbali ya kumanja yasupuka, yalendewera ngati khungu la njoka yofundula. Mbali ya kumanzere yafewa ngati ulimbo. Mpheta itatera apa siuluka.

Ndikudzuka pampando, chigongono chagunda botolo. Theka lonse pampando wa dalaivala. Siponji yamwa mosangalala.

Mawindo ndatseka, chifukwa cha nkhuku. Dzuwa lachita mbali yake.

Masana. Galimoto ino pamudzi pano amati "yathu." Wodwala, woyembekezera, wopita kuchigayo, onse ndi yathu. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake nkhani ya chitengwa yakhala ikuyenda ngati kamba: si Nambewe amene akumukakamira, ndi ambulansi. Lero ndanyamula mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu, wa bondo lotupa, kupita naye kuchipatala pa Kabudula. Tangoyenda pang'ono wayamba kuyimba. Kenaka: "Aphunzitsi, tsegulani windo, mutu ukuzungulira. Koma bondo lasiya kuwawa."

Potsika wandigwira mkono: "Tikupemphererani, mwana wanga. Ngakhale abusa ena anadutsamo."

Nkhani yafika kunyumba ine ndisanafike. Uthenga wa apongozi, kudzera mwa Nambewe: "Amayi akufunsa ngati kuntchito kuli mavuto." Yankho langa, kudzera mwa Nambewe: kulibe mavuto, ndi sayansi. Nambewe wapita, wabwera: "Akuti malemu bambo nawonso ankati ndi mankhwala a chifuwa."

Atsibweni ndi mkulu wa mpingo. Mphuno yawo imamva mowa munthu ali kutsidya kwa mtsinje.

Zothetsa fungo zimene ndaika m'galimoto:
makoko a mandimu, mbale yodzaza;
masamba a bulugama;
makala, pa malangizo a Mwale, amene sindikudziwa chifukwa chake ndikuwamverabe;
sopo wonunkhira wa Nambewe, amene sakudziwa.

Tsopano mukununkha ngati chidakwa chimene chasamba.

Madzulo. Mafoni awiri. Achimwene anga a ku Msundwe, ankhoswe anga: "Iwe Loweruka usadzayankhule. Chizungu chako chija usiye m'thumba. Udzangokhala phee, manja pamaondo." Ndayang'ana manja. Ndidzawakhalira.

Kenaka atsibweni eni ake: "Akamwini! Galimoto ili bwino, eti? Ndidzayendetsa ndekha. Manjawa ayamba kuyabwa."

Ndati ili bwino kwambiri, ikuwadikira.

Nkhope yodzichepetsa sindinayeserere. Yabwera yokha.

LACHISANU

Tsiku lopuma, malinga ndi dongosolo. Kusukulu ndapempha tchuthi cha tsiku limodzi.

M'mawa. Ndaperekeza Nambewe ndi ana ku Nsaru. Akagona kwa atsibweni, akawaphikire nkhuku, mtima ufewe. Ndayendetsa nditavala majumbo m'manja. Thukuta ladzaza m'majumbomo mpaka kumveka kuti chubwi pokhota. Ndawatsitsira kuseri kwa msika, kutali ndi nyumba, kuti galimoto isaonedwe lisanafike tsiku lake, ngati mkwatibwi.

Nambewe potsika: "Chonde, bambo a Tadala, musachitenso china chanzeru."

Sitolo ya a Saidi. Muli chilichonse, kuyambira singano mpaka masipoko a njinga. Bambo awo ndiwo anayamba, iwo anangokulitsa. Ndawapeza akutseka, avala mkanjo woyera mbee, akupita kumzikiti. Ndatambasula dzanja. Aliyang'ana, ayang'ana mkanjo wawo, aika dzanja lawo pachifuwa. "Lero moni wa pamtima ukwanira, aphunzitsi."

Chovekera chiwongolero chilipo chimodzi. Cha lole. Kukula ngati lichero. Chiwongolero changa chingagonemo ndi ana ake.

A Saidi apita kukaona okha, atagwira mkanjo m'mwamba. "Ichi chafa. Musachitsukenso, mukuchizunza. Chikulungeni nsalu, musoke. Bambo anga ankatero." Ndaloza nsalu zili m'sitolo mwawo. Akana kundigulitsa! "Izi n'zoterera, za masiku ano. Pezani chitenje chakale, cha thonje lenileni, chochapidwa kambirimbiri. Kunyumba sichingasowe."

Wamalonda wokana kugulitsa. Munthu wotere ungamukayikire?

Masana. Pamudzi zii, onse ali kumunda kukabandira. Pachingwe cha pakati pa nyumba yathu ndi ya apongozi pali zitenje zitatu. Ziwiri zowala, zoterera. Chachitatu ndi chimene a Saidi amanena: chokhuthala, chofewa, chobiriwira mozilala, cha zithunzi za nkhanga. Ndi cha Nambewe, ndikuchikumbukira bwino. Kapena ndinachionapo penapake. Mkazi wa zitenje zodzaza sutikesi chimodzi chakale sangachisowe.

Sizasi, singano, ulusi. Ndakhala pamthunzi wa galimoto.

Ndangodula mzere woyamba, kuseri kwa nkhokwe kwamveka kutsokomola. Apongozi! Sanapite kumunda. Mwamsanga ndatembenuka, ndawapatsa msana, monga mwa mwambo, n'kupitiriza.

Atsokomolanso, mokweza. Ndazindikira: ndawatsekera njira. Ndanyamula nsalu yanga, ndasunthira kuseri kwa galimoto, ndanyonyomala kuti adutse momasuka. Mzere wachiwiri. Wachitatu. Nsalu yabwino imalira mokoma poing'amba, kuti kwee!

Ayamba kuitana nkhuku. Masana ano, nkhuku zili m'thengo. Aitana ndi mawu amene sindinawamvepo, ngati nkhukuzo zapalamula. Kenaka chagwa chidebe. Kenaka chidebe chomwecho chagwanso. Ine maso pansi, khosi gwa. Mkamwini wina wopanda khalidwe akanacheuka. Ulemu wanga lero wafika pachimake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti panalibe mboni.

Mzere wachisanu ndi chitatu. Kuseri kwa nkhokwe kwangoti zii. Chitseko chawo chatsekedwa mwamphamvu. Mphepo ya mvula imeneyo.

Madzulo. Chatha! Ndakulunga mothinana, ndasoka mkati kuti ulusi usaoneke. Nkhanga zandandalika kuzungulira chiwongolero chonse, imodzi pambuyo pa inzake, ngati zikupita kumsonkhano. Sichikumata. N'chokongola kuposa mmene chinachokera ku fakitale. Kansalu kotsala, kokwana mpango wa m'thumba, ndakabwezera pachingwe.

Mipando ndatsuka, matayala ndapaka polishi. Fungo latsala la mandimu, kachasu akungosuzumira patali.

Zokumbukira: sabata ya mawa apongozi apite kuchipatala. Chifuwa chimenechi si chabwino.

LOWERUKA

Ndilemba mwadongosolo, ngakhale dongosolo ndi limene landifikitsa pano.

M'mawa achimwene afika pa kabaza wa njinga yamoto, jekete m'jumbo. Aona chiwongolero: "Koma sukulu ndi yabwino." Tanyamuka.

Pa Nsaru. Atsibweni atuluka, chipewa cha chikopa, nsapato zonyezimira. Sanandiyang'ane. Azungulira galimoto. Amenya tayala lililonse ndi nsapato. Atsegula boneti, asolola kachitsulo ka oyilo, akayang'anitsa padzuwa ngati kalata yochokera kutali. "Hmm." Alowetsa mutu pawindo, akoka mpweya. "Mandimu?" Ndati mandimu. "Hmm." Atambasula dzanja. Makiyi.

Akhala. Akonza galasi. Aika manja onse awiri pachiwongolero.

Sanalize injini.

Chala chawo chachikulu chikusisita nkhanga imodzi, pang'onopang'ono, kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Nambewe walowa kumbuyo ndi ana, wakhazikika, wasuzumira kutsogolo. "Mayo ine." Mawu awiri okha, otsika.

Tayenda. Kuyendetsa kwake ngati mafuta. Giya sakumveka kulowa, maenje akuwazemba ngati anawakumba okha. Tadutsa minda ya fodya, tadutsa mlatho. Kenaka atsibweni, maso ali pamsewu:

"Dalesalamu. Ulendo wanga woyamba kutuluka m'dziko muno. Ndinayenda msika wonse kufuna nsalu ya nkhanga, chifukwa mlongo wanga ali mtsikana ankaweta nkhanga."

Basi. Achimwene anditsina pantchafu mpaka pano pali chizindikiro.

Masana, kumudzi, pansi pa mtengo wa mango. Amuna pamipando, amayi pamphasa. Apongozi akhala chammbali, nkhope kukhoma la khitchini. Pabondo pawo, atakapinda bwinobwino, kansalu kokwana mpango wa m'thumba.

Achimwene ayankhula, ndipo ayankhula bwino: zaka, ana, nkhokwe, nyumba ya malata. Chimbudzi atchula chachiwiri chokha. Ine manja ndawakhalira.

Atsibweni avula chipewa. Akuti oyilo ndi woyera. Akuti mabuleki ali bwino, kilatchi ili bwino. Akuti kasokedwe ka pachiwongolero sanakaonepo ngakhale ku Joni. Munthu ameneyu manja ali nawo. Mtima wanga wayamba kutuluka kumene unabisala.

"Nsalu ndi nsalu, imatha. Funso langa n'limodzi. Akamwini, musacheuke. Mkazi wanu wakhala kumbuyo kwanuko. Mwayenda naye m'galimoto kuchokera pa Nsaru. Chitenje wavala lero n'chamtundu wanji?"

Ndikudziwa mitundu isanu ya ndakatulo. Ndikudziwa chaka chimene anthu anayamba kulemba. Ndafufuza m'mutu monse, mwangopezeka nkhanga.

Ndati chofiira.

Amayi onse pamphasa: "Aaaa!"

Chachikasu. Cha mipendadzuwa. Ndinagula ndine, akutero.

Chigamulo, monga ndachimvera ndi makutu otentha: "Zaka zisanu ndi chimodzi chingwe chimodzi, sadziwa nsalu ya mkazi wake ndi iti, ya apongozi ake ndi iti. Ameneyu tikam'patsa mwana wathu, tsiku la msika pa Msundwe adzabwera kunyumba ndi mkazi wa wina, n'kutiuza kuti anamuonapo penapake. Sitikukana. Akhale kaye chaka china, aphunzire. Tidzam'funsanso."

Ndipo apongozi ayankhula! Koyamba ine ndili pomwepo. Sanayankhule kwa ine, ayankhula kwa mtengo wa mango: "Ndinatsokomola ine mpaka nthiti kuwawa. Chidebe changa chaphwanyika. Ulemu wake ngati wa chitsa."

Bwalo lonse lagwa ndi phwete. Nambewe wabisa nkhope m'mipendadzuwa yake, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati akuseka kapena akulira. Mwina zonse.

Madzulo ndabweza atsibweni ku Nsaru. Ayendetsanso okha. Dzuwa linali litaiphika galimoto tsiku lonse, ndipo pofika pamlatho phula layamba kutulukira m'nsalu, nkhanga zikuda imodzi ndi imodzi. Potsika ayang'ana zikhatho zawo, ayang'ana ine, andigwira chanza mwamphamvu. Tamatana kanthawi ndithu.

Ine amene ndikulemba pano ndikudziwa kuti iwo eni ake pachikamwini anakhalapo miyezi isanu ndi itatu yokha. Koma izi ndi za m'buku muno.

LAMULUNGU

Mvula ya mawawa kuyambira m'mawa. Kwazizira. Chiwongolero chauma gwa, sichikumata n'pang'ono pomwe. Ndachiyang'ana pawindo, nacho chandiyang'ana.

Kutchalitchi tapita wapansi. Pemphero la odwala atchulamo "mbale wathu wina amene akulimbana ndi botolo." Kwaya yonse yandiyang'ana mwachikondi. Ndati ameni.

Achimwene aimba foni atafika. Akuti poti nyumba ya ku Msundwe ikhala yopanda anthu chaka china, ndipo chigafa chawo chikudontha, kodi angayanikemo fodya? Pabalaza pokha, akutero, ndi chipinda chachikulu. Ndati yanikani. Abuluzi asangalala ndi alendo.

Nambewe watulutsa katoni kunsi kwa bedi. Sindimadziwa kuti iliko. Mbale zatsopano, makapu asanu ndi limodzi, nsalu za m'mawindo zosokedwa kale pa muyeso wa mawindo a ku Msundwe. Makapu wawaika m'kabati mmodzimmodzi, osayankhula. Nsalu za m'mawindo wazibwezera m'katoni. Pamenepa ndilibe nthabwala.

Dongosolo latsopano:
1. Kupepesa apongozi, kudzera mwa Nambewe, Nambeweyo akayamba kundiyankhula.
2. Kufunsa a Saidi ngati alipo amene akupita ku Dalesalamu.
3. Chidebe.
4. Kuyang'ana mkazi wanga.

Madzulo. Ndakhala pakhonde ndikulemba izi. Mapazi kumbuyo kwanga, aima pakhomo.

"Bambo a Tadala. Musacheuke. Chamtundu wanji?"

Ndatseka maso. Ndaganiza mofatsa, ngati pa mayeso. Tapita limodzi kutchalitchi, tabwera limodzi, ambulera imodzi. Ndati chachikasu sichingakhale, chinali dzulo. Ndati chabuluu, cha timaluwa.

Wavala diresi.

Chaka chimodzi mwina sichikwana.